Tidaonera Tili Pamapewa pa Yani?



Nthawi ya tchuthi ikafika, malamya athu a m'manja amadzaza ndi zithunzi za anzathu amene apita kokayenda ndi mabanja awo. Wina ali kunyanja, wina ali pabwalo la ndege, winanso waima patsogolo pa nyumba yachifumu yowala, kumwamba kukuphulika makombola amitundumitundu. Timaziona, timaziyamikira, ndipo nthawi zina kansanje kamatigwira pang'ono. Sabata ino ndafuna kuti tilingalire pamodzi za munthu amene saoneka m'zithunzi zoterezi. Koma kuti ndichite zimenezi ndiyenera kuyamba ndaulula mlandu wanga: usiku wina mu Ogasiti 2023, ku Disneyland Paris, ndidawakwiyira bambo anga ndi kuwayankhula mwachipongwe chifukwa choti adagona.

Banja lathu lidachoka ku Malawi ine ndili wamng'ono, ndipo tsopano timakhala ku England. Bambo amagwira ntchito yausiku m'nyumba ina yosamalira okalamba. Mayi nawo amagwira ntchito yamtundu womwewo koma masana, kotero kuti masiku ambiri awiriwa amangokumana pakhomo, wina akulowa wina akutuluka. Ana tilipo awiri, ine ndi mlongo wanga, amene m'chaka chimenecho adali ndi zaka 7 pamene ine ndidali ndi zaka 19. Ulendo wa ku France udakonzedwa makamaka chifukwa cha iye, pakuti anzake a kusukulu adali atamudzaza mutu ndi nkhani za nyumba yachifumu imene imayaka usiku. Bambo adamulonjeza, ndipo lonjezolo adalisunga mwa njira yokhayo imene adali nayo, ndiyo kuwonjezera masiku a ntchito.

Ulendo wotere si wa ndalama zochepa. Popeza mapasipoti athu ndi a dziko la Malawi, tidafunika viza ya Schengen kuti tilowe m'dziko la France. M'chaka chimenecho mtengo wake udali mayuro 80 kwa munthu wamkulu ndi mayuro 40 kwa mwana wamsinkhu wa mlongo wanga, kutanthauza kuti mayuro 280 adatuluka m'thumba tisanagule n'komwe matikiti a basi, a malo ogona ndi olowera m'pakimo. Tidanyamuka ku London ndi basi yausiku, tidawoloka nyanja pa sitima kuchokera ku Dover kukafika ku Calais, ulendo wa ola limodzi ndi theka, kenaka tidayendanso makilomita pafupifupi 300 pamsewu. Bambo adali atagwira ntchito usiku kwa masiku asanu otsatizana kuti apeze masiku atatu opuma. M'basimo sadagone, pakuti thupi lawo lidazolowera kukhala maso usiku, ndipo nthawi yawo yogona, imene ndi m'mawa mpaka masana, ndiyo tidaithera tikuyenda ndi kuima pamizere. Zonsezi ndinkazidziwa, koma sindidaziwerengere.

Kwa amene simunafikeko, Disneyland Paris ndi paki ya zisangalalo imene idatsegulidwa pa 12 Epulo 1992 ndi dzina lakuti Euro Disney, ku Marne-la-Vallée, makilomita pafupifupi 32 kum'mawa kwa mzinda wa Paris. Munthu akangolowa pachipata amapezeka mumsewu wotchedwa Main Street, U.S.A., umene adaumanga mofanizira tauni yaing'ono ya ku America ya kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900. Kumapeto kwa msewuwo kuli nyumba yachifumu ya nsanja zosongoka, yotalika mamita pafupifupi 50. Nyumbayi adaipatsa dzina la mwana wamkazi wa mfumu amene adagona zaka 100, wa m'nthano imene Charles Perrault adaisindikiza mu 1697, imenenso kampani ya Walt Disney idaisandutsa kanema wa makatuni mu 1959. Choncho tinganene kuti bambo anga adasankha malo oyenera ogonapo, ngakhale usiku umenewo nthabwala imeneyi sikadandiseketsa.

Chionetsero chausiku ndicho chimatseka tsiku m'mapaki oterewa. Mwambowu udayambira ku Disneyland ya ku California, imene idatsegulidwa mu 1955. Patangopita zaka zochepa, eni ake adayamba kuphulitsa makombola madzulo kuti alendo asamabwerere kwawo dzuwa likangolowa. Palibe chobisika kapena choipa pamenepa, ndi malonda basi, pakuti munthu amene wakhalitsa amadyanso chakudya chamadzulo momwemo ndi kugulako tizinthu. Koma zotsatira zake n'zakuti chinthu chokongola koposa chimabwera pa nthawi imene aliyense watopa koposa. M'mwezi wa Ogasiti dzuwa ku Paris limalowa cha m'ma 9 koloko usiku, ndipo chionetsero chimadikira mdima weniweni ndi nthawi yotsekera paki. Tsiku lathu limenelo chidayamba nthawi itayandikira 11 koloko, ife titalowa pachipata m'mawa.

Amati walira mvula walira matope. Wofuna kuona bwino ayenera kugwira malo nthawi ikadalipo, choncho tidakhala pansi pabwalo la patsogolo pa nyumbayo kwa maola pafupifupi awiri, tikudya mandasi amene mayi adakazinga kunyumba. Bambo ndiwo adasankha malowo, cha kumbuyo pafupi ndi kampanda ka zitsulo kotchinga maluwa. Adati akadzamukweza mwana pamapewa sakufuna kutsekereza anthu ena, pakuti aliyense walipira. Atatero adakhala pansi, natsamira kampandako, nanena kuti angotambasulako miyendo pang'ono. Mlongo wanga asanamalize n'komwe mandasi ake, iwo adali atagona, chipewa chili pabondo, pakamwa pali yasa.

Nyali zitazimitsidwa, khamu lonse lidaimirira. Poyamba padauluka tindege ta drone toposa 100, kalikonse ndi nyali yake, n'kulemba kumwamba nambala 30 yooneka ngati mutu wa Mickey Mouse, pokondwerera zaka 30 za pakiyo. Ine ndidatulutsa lamya kuti ndijambule, uku ndikuwagwedeza bambo ndi phazi. Adatsegula maso, adagwedeza mutu ngati avomera, nagonanso. Apa m'pamene ndidatulutsa mawu amene mpaka lero amandichititsa manyazi. Ndidati, "Ndalama zonse zija, Bambo, mwangobwera kudzagona ku France kuno?" Mayi sadakweze mawu. Adavula chitenje chimene adafunda, nawafunditsa bambo, kenaka adandiyang'ana nati, "Asiye bambo ako. Bweza lamyayo m'thumba, umukweze mlongo wakoyu, sakuona kanthu."

Chionetsero chimene chinkasonyezedwa nthawi imeneyo chidali Disney Dreams!, chimene chidayamba mu Epulo 2012 pokumbukira zaka 20 za pakiyo, chidapumitsidwa mu 2017, n'kubwereranso mu Epulo 2023. Nkhani yake ndi ya chithunzithunzi cha Peter Pan chimene chimathawa mwini wake n'kumayendayenda m'nthano zosiyanasiyana za Disney, mpaka kukumana ndi adani. Luso lake ndi lodabwitsa ndithu. Makina amphamvu amaponya zithunzi pamakoma a nyumbayo, ndipo zithunzizo zidayezedwa molingana ndi zenera lililonse ndi nsanja iliyonse, kotero kuti nyumba yolimba ija imaoneka ngati ikusungunuka, ikugwa kapena ikuvina. Patsogolo pake madzi amatumphuka m'mwamba, ena amamwazidwa ngati nkhungu kuti nawonso alandire zithunzi. Kuwonjezera pa izi pali malawi a moto, kuwala kwa laser ndi makombola, zonse zikuyendetsedwa ndi kompyuta kuti zigwirizane ndi nyimbo. Zonsezi zimatha m'mphindi pafupifupi 20.

Ndakufotokozerani bwino chonchi chifukwa ndidadzachionera pambuyo pake pa intaneti. Usiku umenewo ndidaona zochepa. Manja anga onse awiri adagwira akakolo a mwana, zala zake zidakola tsitsi langa, ndipo khosi lidawerama moti kuti ndione nsonga ya nyumbayo ndinkachita kukweza maso okha. Mphindi zisanu zoyamba ndidaona ngati palibe vuto. Pofika mphindi khumi mapewa adayamba kutentha, ndipo makombola akaphulika iye ankadumpha ndi chimwemwe, msana wanga n'kumalandira. Poti kumwamba kudandikanika, ndidayamba kuyang'ana m'mbali. Ndidaona bambo wina wachikulire atasenza mdzukulu, thukuta lili kamukamu. Ndidaona mayi wina atanyamula mwana m'chiuno, wina atamugwira padzanja, chikwama chili kumsana. Cha uko mnyamata wina adagwira zolimba njinga ya olumala imene mudali agogo ake kuti anthu asaikankhe. Khamu lonselo lidali ndi magulu awiri, oonera ndi onyamula oonerawo.

Makombola omaliza, aja amagwedeza chifuwa, ndiwo adawadzutsa bambo. Adaimirira msanga, napinda chitenje, nafunsa ngati zayamba. Mlongo wanga adaseka mpaka kutsala pang'ono kugwa. Tisanafike n'komwe pachipata iye ndiye adayamba kusinza, ndipo bambo, osanena kanthu, adamutenga kwa ine namubereka kumsana mpaka kokwerera basi. Ndidayenda pambuyo pawo ndikusisita khosi, ndikuona m'mene ankapondera mosamala kuti mwana asadzuke. Ine ndidanyamula mphindi 20 zokha ndipo ndinkayembekezera kuyamikiridwa. Iwo adangopitiriza pamene ndidasiyira, monga munthu wobwerera ku ntchito yake ya masiku onse.

Apa ndiye pagona mfundo yanga ya sabata ino. Palibe chimwemwe cha pabanja chimene chimadziimira pachokha. Nthawi zonse pamakhala wina pansi amene wachisenza. Mwana wazaka 7 sayenera kudziwa zimenezi, ndipo kusadziwa kwakeko ndi mbali ya mphatso imene akulandira. Koma munthu wazaka 19 amene akuyesabe kuti zokoma zimagwa kumwamba ngati mvula ali ndi vuto, ndipo vuto limenelo ndi limene lidandigwira ine. Ndinkafuna bambo anga achite ziwiri nthawi imodzi: alipire chionetserocho ndi tulo tawo, kenaka akhalenso maso kuti aombe m'manja pamodzi nane. Ndidawaweruza poyang'ana mphindi 20 zimene adagona, n'kuiwala miyezi yonse imene adakhala maso. Ndikhulupirira kuti kukula kwa wachinyamata kumayamba tsiku limene iye amaleka kufunsa ngati waona bwino, nayamba kufunsa kuti wamunyamula ndani, ndipo iye anganyamule yani.

Sindikufuna kunyoza chionetserocho kuti nkhani yanga ikome. Anthu ambiri adagwetsa misozi usiku umenewo, ndipo si kuti adapusitsidwa. Okonza zionetserozi amadziwa ntchito yawo: amasankha nyimbo zimene munthu adazimva ali mwana, amazimitsa nyali kuti khamu likhale ngati munthu mmodzi, amayamba pang'onopang'ono n'kumakweza mpaka thupi kuchita tsembwe. Uthenga wake nthawi zambiri umakhala wakuti maloto amakwaniritsidwa munthu akakhulupirira. Uthengawu ndi wokoma, koma ndi theka chabe la nkhani. Loto la mlongo wanga lidakwaniritsidwadi, koma lidakwaniritsidwa chifukwa munthu wina adasintha matewera a okalamba usiku kwa miyezi yambiri, wina adachepetsa ndiwo pakhomo, ndipo onse awiri adakaima pamzere wa viza. Tisangalale ndi theka limene amationetsa, koma theka linalo tizidziuza tokha, pakuti palibe amene adzaliponye pakhoma kuti tilione.

Ndiyenera kuulula chinanso. Mkwiyo wanga sudali wa ndalama zokha, udalinso wa manyazi. Pafupi nafe padali banja lina lovala zofanana, onse ali ndi makutu a Mickey kumutu, bambo wawo ali chilili ndi kamera yaikulu. Ndidaona ngati onse akutiyang'ana, ife a mandasi ndi chitenje, ndi bambo ogona pansi ngati ali pa depoti ya basi. Kunena zoona palibe amene ankatiyang'ana, pakuti maso onse adali kumwamba. Koma ife achinyamata okulira kunja timayenda ndi woweruza m'mutu, amene amayeza makolo athu ndi muyeso wa makolo a anzathu: kayankhulidwe kawo ka Chingerezi, zovala zawo, chakudya chimene amanyamula paulendo. Malo ngati amenewa, kumene chilichonse chidakonzedwa kuti chioneke changwiro, amamupatsa mphamvu woweruzayo. Banja la pachikwangwani cha malonda silitopa, silikangana, ndipo palibe amene amasinza. Banja lenileni limafika pa 11 koloko usiku mapazi atatupa.

Titafika kogona, mayi adandikumbutsa nkhani ina. Adandifunsa ngati ndikukumbukira tsiku limene bandi ya apolisi inkadutsa mumsewu ku Zomba, ine ndili ndi zaka zinayi. Ndidati ndikukumbukira bwino lomwe: malipenga onyezimira, ng'oma yaikulu, munthu wa patsogolo akuponya ndodo m'mwamba n'kuiwakha. Adandifunsanso kuti, "Nanga unkaona bwanji zonsezo, iwe kamwana kofika m'mawondo mwa anthu?" Ndidasowa choyankha. Ndidasunga malipenga ndi ndodo kwa zaka 15, koma mapewa amene ndidakhalapo sadatsale m'mutu mwanga. Umu ndi m'mene mutu wa mwana umasungira zinthu: umagwira chimene chidali patsogolo, n'kutaya chimene chidali pansi. Ndiye chifukwa chake kuthokoza makolo sikubwera kokha. Munthu amachita kukhala pansi n'kuwerengera.

Ndidadzaphunziranso kuti kugona kwa bambo sikudali ulesi kapena kusasamala. Thupi la munthu lili ndi wotchi yakeyake imene imatsatira kuwala ndi mdima, ndipo akatswiri atatu a ku America, Jeffrey Hall, Michael Rosbash ndi Michael Young, adalandira mphotho ya Nobel mu 2017 chifukwa chofotokoza m'mene wotchiyi imagwirira ntchito. Wogwira ntchito usiku amalimbana nayo tsiku ndi tsiku: amakhala maso pamene thupi likufuna kugona, ndipo akagona masana tulo take timakhala tafupi ndi todukaduka. Ngongole ya tulo imaunjikana, ndipo thupi limadzaitolera lokha, osapempha chilolezo. Ambiri a ife m'gulu lino tili ndi makolo otere, anamwino, osamalira okalamba, alonda, oyendetsa magalimoto a katundu, ogwira ntchito m'mafakitale. Tikawaona akusinza pa chikondwerero, pa mwambo wa kusukulu kapena pamene banja likuonera kanema, tisathamangire kunena kuti alibe nafe chidwi.

Ndikudziwa kuti ena mwa inu mukuti: ngati zili choncho, bwanji osangosiya maulendo oterewa? Kodi ndalama zimenezo sizikadalipira fizi ya msuweni kumudzi, kapena kugula matumba a feteleza a agogo? Funsoli ndi lolemera, ndipo m'nyumba mwathu lidakambidwa ulendo usanachitike. Ndikuvomera kuti banja limene lingatenge katapila, kapena kusiya wodwala wopanda mankhwala, kuti likaone makombola, lasokonezeka. Ndikuvomeranso kuti palibe mwana amene ayenera kukayika chikondi cha makolo ake chifukwa sadamutengere ku Paris. Mabanja ambiri sadzapondako, ndipo sakusowa kanthu kofunika pa moyo. Koma sindivomera kuti chisangalalo n'chachabe. Makolo athu amatumiza ndalama kumudzi mwezi ndi mwezi, ndipo palibe cholakwa kuti kamodzi pa zaka zambiri akonze chinthu chongokondweretsa ana awo. Ndidamva kuseka kwa mlongo wanga kukudutsa m'mafupa a khosi langa, ndipo sindinganene kuti ndalama zija zidatayika. Wolakwa ndidali ine, amene ndidalandira mphatso n'kumadzudzula wopereka chifukwa cha m'mene adakhalira poipereka.

Ena angatsutse kuchokera mbali ina, nati mwana amafuna kholo lake lenilenilo, osati matikiti okha, ndipo kholo limene nthawi zonse lili kuntchito kapena lili m'tulo limadzazindikira ana atakula kale. Pamenepa pali choonadi, ndipo makolo amene mumawerenga nafe mundilole ndinene mwaulemu: ife ana anu timakondwa ndi zimene mumatigulira, koma timafunanso nkhope zanu. Tikadakonza ulendo wathu mwanzeru, tikadasiya tsiku limodzi loti bambo apume tisanalowe m'paki, ngakhale zikadatanthauza kuona zochepa. Koma taonani kuti nzeru imeneyi ndikuinena lero. Pa nthawi yokonza ulendo ine ndidali munthu wamkulu kale, ndinkadziwa kufufuza zinthu pa intaneti kuposa onse m'nyumbamo, ndipo luso langa lonse ndidalithera posaka malo abwino oimapo ndi zokwera zothamanga koposa. Sindidafunseko n'kamodzi komwe kuti bambo adzagona nthawi yanji. Wachinyamata amene akufuna kholo lokhala maso ayambe walipeputsira katundu.

Onyamula sali m'banja mokha. Chionetsero chitatha, nyali zitayakanso, ndidaona antchito a pakiyo ataima m'mbali mwa msewu ndi timiuni m'manja, akulozera khamu njira yotulukira, ena akutola zinyalala zimene anthu zikwizikwi tidasiya pansi. Disneyland Paris imalemba ntchito anthu oposa 15,000, ndipo ambiri mwa iwo mlendo sawaona: okonza makombola, oyang'anira makina, osesa usiku alendo atapita. Miyezi yochepa ife tisanafike, mu Meyi ndi Juni 2023, ena mwa antchitowa adanyanyala ntchito ndi kuguba m'pakimo popempha kuti malipiro awo akwere ndi mayuro 200 pamwezi, ndipo masiku ena zionetsero zina zidalephereka. Sindikufuna kuweruza mkangano umenewo pano. Ndikungonena kuti zimene amazitcha matsenga ndi ntchito ya manja a anthu amene nawonso ali ndi ana kunyumba ndi lendi yoti alipire. Kudziwa zimenezi sikuchepetsa kukongola kwa chionetsero. Kumangomuphunzitsa munthu kutola pepala lake ndi kunena zikomo potuluka.

Za lamya ndinenepo pang'ono. Sindine mdani wa zithunzi, ndipo ndikadakhala ndi manja atatu ndikadajambula. Koma kanema amene ndinkafuna kujambula usiku umenewo alipo kale pa YouTube kambirimbiri, wojambulidwa ndi makamera abwino kuposa lamya yanga. Chionetserocho nachonso chidalowedwa m'malo, ndipo mu Januwale 2025 adayambitsa china chotchedwa Disney Tales of Magic. Chimene sichipezeka pa YouTube ndi chithunzi chimodzi chimene mayi adajambula ataima chapambali pathu. Nyumba yachifumu ili pakona penipeni, yosaoneka bwino n'komwe. Pakati pali mwana atakweza manja, pansi pake pali ine nditakwinya nkhope, ndipo m'munsi muli bambo atafunda chitenje cha akazi awo. Usiku wonsewo mayi okha ndiwo adadziwa koyenera kulozetsa kamera.

M'mawa mwake, pa chakudya, bambo adamuitana mlongo wanga nati, "Tabwera kuno mwanawe, undisimbire zonse zimene zandiphonya." Iye adafotokoza kwa theka la ola, akudumpha, akusakaniza Chichewa ndi Chingerezi, akuwonjezera ndi zina zimene sizidachitike. Bambo adamvetsera zonse, akufunsa mafunso, ndipo atamaliza adati, "Basi, ndaonera." Kenaka adatembenukira kwa ine nandifunsa kuti khosi ladzuka bwanji. Za mawu anga a usiku uja sadatchulepo. Ndidapepesa patapita masiku atatu, tili kale kunyumba, iwo akuvala yunifolomu kuti apite kuntchito. Adangoti, "Udamunyamula mlongo wako, zakwana." Akuluakulu adati mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo. Ine ndidaona ngati bambo anga achepa pamaso pa anthu achilendo, ndidachita nawo manyazi, pamene iwo ndiwo adatifikitsa tonse pamalopo.

Tsono, achinyamata anzanga, kaya chaka chino mupita ku paki yotchuka, kaya kunyanja, kaya mungotsala pakhomo n'kuonera mpira pamodzi, ndikupempheni chinthu chimodzi. Sabata ino aliyense atenge chithunzi chimene amachikonda cha tsiku losangalatsa la pabanja, achiyang'anitsitse, ndipo adzifunse: adaphika ndani, adayendetsa galimoto ndani, adasinthana shifiti ndi mnzake ndani, adajambula ndani moti iye sakuonekamo? Mukamupeza munthuyo, pitani mukamuthokoze ndi pakamwa, osati ndi kauthenga ka pa lamya. Ndipo ulendo wina ukamakonzedwa, musadikire kuuzidwa. Funsani kuti wotopa ndani, nyamulani chikwama, gwirani malo pamzere, kwezani mwana pamapewa. Mudzaona zochepa kumwambako ndipo khosi lidzapweteka, koma wina amene wakhala akukunyamulani zaka zonsezi adzapumako.

Tikumanenso sabata yamawa.